Pakhomo Pathu: Onse Ndi Labradoodle, Koma Safanana

Mwezi wathawu ndinalandira kalata kuchokera kwa mlongo wathu wina amene amakhala ku Britain ndi banja lake. Ana awo akhala akupempha galu kwa zaka ziwiri, ndipo tsopano bambo a m'nyumbamo avomera. Chovuta n'chakuti mwana wawo wachiwiri ali ndi mphumu, ndipo akakacheza kwa anzake kumene kuli galu amabwerako maso atafiira, akuyetsemula. Mnzawo wina wa kutchalitchi anawalimbitsa mtima kuti agule galu wotchedwa Labradoodle, chifukwa ameneyo akuti sawenga munthu. Mayiwa atayamba kufufuza pa intaneti anangosokonezeka mutu. Wogulitsa wina walemba F1, wina F1b, wina F2, wina Australian Labradoodle, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kutalitali. Funso lawo linali lalifupi: “Kodi onsewa ndi galu mmodzimodzi? Nanga woyenera mwana wa mphumu ndi uti?”

Ndaona kuti ndiwayankhire pano, chifukwa agalu amenewa afala ku Britain, ku America, ku Australia ndi m'mizinda ya ku South Africa, kumene abale athu ambiri akulera ana. Yankho lachidule n'lakuti dzina la Labradoodle palokha silikuuzani zambiri. Agalu awiri okhala ndi dzina limeneli angathe kusiyana ubweya, msinkhu ndiponso ntchito imene angakupatseni pakhomo. Tiyeni tione pamene pagona kusiyanako.

Kumene galuyu anachokera

Nkhani yake inayambira ku Australia m'zaka za m'ma 1980. Bambo Wally Conron ankayang'anira ntchito yobereketsa agalu ku bungwe la Royal Guide Dog Association of Australia, limene linkaphunzitsa agalu otsogolera anthu osaona. Mayi wina wosaona wa ku Hawaii anapempha galu womutsogolera, koma amuna ake agalu ankawawenga. Bambo Conron anayamba ndi agalu a mtundu wa Poodle, amene ubweya wawo suyoyoka kwambiri. Anayesa ambiri kwa zaka zitatu, koma panalibe amene anakhoza ntchito yotsogolera munthu. Pamapeto pake anakweretsa Poodle wamkulu pa Labrador wamkazi, ndipo mu 1989 panabadwa ana atatu.

Apa mpamene pali phunziro limene ogula ambiri amalidumpha. Bambo Conron sanangoganiza kuti ana onse atatuwo ali bwino poti bambo wawo ndi Poodle. Anatenga ubweya ndi malovu a mwana aliyense n'kutumiza ku Hawaii kuti akayesedwe pa bambo uja. Mwa atatuwo, mmodzi yekha, dzina lake Sultan, ndi amene sanawawenge, ndipo ndi amene anaphunzitsidwa n'kutumizidwa. Mayi mmodzi, bambo mmodzi, tsiku lobadwa limodzi, koma woyenera banja lija anali mmodzi basi.

Poona kuti mabanja amene ankalera ana agalu a bungwelo sakufuna galu wosakanizika, Bambo Conron anatchukitsa dzina loti Labradoodle kudzera m'nyumba zofalitsa nkhani, ndipo anthu anayamba kulimbirana. Patapita zaka 30, mu 2019, iwo anauza wailesi ya ABC ya ku Australia kuti amanong'oneza bondo, chifukwa anthu ongofuna ndalama anayamba kubereketsa agaluwa mwachisawawa, osasamala za thanzi kapena khalidwe lawo.

Makolo awiri osiyana

Kuti timvetse ana, tiyambe taona makolo. Labrador anachokera kwa agalu a asodzi a ku Newfoundland, ku Canada, ndipo mtunduwu unakhazikika ku Britain. Ubweya wake ndi waufupi, wosalala, wa magawo awiri, ndipo umayoyoka chaka chonse. Ndi galu wokonda anthu, wokonda madzi, komanso wokonda kudya. Poodle anachokera ku Germany ndipo anatchuka kwambiri ku France. Ubweya wake ndi wopotanapotana, umangokulirakulira ngati tsitsi la munthu, ndipo umene wathothoka umakodwa mu unzake m'malo mogwera pansi. N'chifukwa chake Poodle sasiya ubweya wambiri pampando, koma amafuna kupesedwa ndi kumetedwa kawirikawiri. Alipo aakulu, aang'ono ndi ang'onoang'ono.

Mitundu iwiriyi ikufanana pa chinthu chimodzi: yonse inawetedwa kuti izigwira ntchito yotola abakha m'madzi alenje akawombera. Choncho mwana wawo, kaya watengera mbali iti, amakhala wanzeru ndi wanyonga, wosakhalitsa malo amodzi.

Tanthauzo la F1, F1b ndi F2

Aliyense amene analimapo chimanga cha haibridi aidziwa kale nkhaniyi. Mbewu ya m'sitolo imamera mofanana, msinkhu umodzi, ngaiyaye kutuluka nthawi imodzi. Koma mukasunga zokolola zake n'kubzalanso chaka chamawa, munda umakhala wosiyanasiyana: phesi ili lalitali, ilo lalifupi, chisononkho ichi chachikulu, icho chonyozoloka. Alangizi a zaulimi amaletsa kubwereza mbewu ya haibridi pa chifukwa chimenechi. Lamulo lake ndi lomwe Gregor Mendel analipeza pobzala nsawawa, n'kulifalitsa mu 1866, ndipo limagwiranso ntchito pa agalu.

F1 ndi m'badwo woyamba: kholo limodzi Labrador weniweni, linalo Poodle weniweni. Mwana amatenga theka uku, theka uko. Ambiri a iwo amakhala ndi ubweya wokhakhala, wanyankhalala pang'ono, ndevu ndi nsidze zazitali, ndipo amayoyola ubweya ndithu, ena pang'ono, ena kwambiri. Kusamala ubweya wawo n'kosavuta poyerekeza ndi enawo. Sultan anali wa gulu limeneli, pamodzi ndi abale ake awiri amene analephera mayeso aja.

F1b ndi mwana wa F1 amene wakweretsedwanso ndi kholo la mtundu weniweni, kawirikawiri Poodle. Powerengera, magawo atatu mwa anayi a chibadwa chake amakhala a Poodle. Ubweya umakhala wopotana kwambiri ndipo kuyoyoka kumachepa, koma ntchito yopesa imachuluka. Chenjerani pang'ono apa: oweta ena amabwereza ku Labrador m'malo mwa Poodle, ndipo mwanayo amatchedwabe F1b, chonsecho ubweya wake umayoyoka ngati wa Labrador. Funsani kuti anabwereza mbali iti.

F2 ndi mwana wa F1 awiri. Uyu ndiye chimanga chobwereza chija. Anthu ena amaganiza kuti nambala ikakwera ndiye kuti galu wapita patsogolo, koma si choncho. M'badwo umenewu ndi umene ana ake amasiyana kwambiri. Chifukwa chake chili m'majini, tizinthu ta m'maselo timene timanyamula chibadwa. Mu 2009 akatswiri analengeza m'magazini ya Science kuti kusiyana kwakukulu kwa ubweya wa agalu kumachokera ku majini atatu okha: ina imalamulira kutalika, ina kupotana, ina ndevu ndi nsidze. Jini ya ndevuyi, yotchedwa RSPO2, imayenderanso limodzi ndi kuchepa kwa kuyoyoka. Poodle amapereka jini ya ndevu, Labrador amapereka yopanda ndevu, ndipo F1 aliyense amanyamula zonse ziwiri. Mukakweretsa F1 awiri, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse amalandira yopanda ndevu kuchokera mbali zonse ziwiri. Ameneyo amakula ndi nkhope yosalala ngati Labrador, ndipo ubweya wake umadzaza nyumba.

Palinso amene amatchedwa multigen, kutanthauza kuti makolo ake akhala ma Labradoodle kwa mibadwo ingapo. Ngati woweta wakhala akusankha makolo mosamala ndi kuyezetsa majini awo, ana amafanana kwambiri ndipo mutha kudziwiratu ubweya umene adzakhale nawo. Ngati sanasankhe, liwulo ndi lokometsera malonda chabe.

Nanga Australian Labradoodle?

Uyu ndi wosiyana ndi onse tatchulawa, ndipo dzinalo silitanthauza kuti anabadwira ku Australia. Bambo Conron atayamba ntchito ija, oweta ena a m'dzikomo, makamaka a ku Tegan Park ndi Rutland Manor, anaipitiriza n'cholinga chopanga mtundu wokhazikika. Iwo anawonjezeramo magazi a agalu ena, makamaka Cocker Spaniel. Choncho Australian Labradoodle ndi wa mibadwo yambiri ndipo makolo ake si mitundu iwiri yokha. Mabungwe ngati Australian Labradoodle Association of America amasunga kaundula wa makolo ndipo amafuna kuti oweta awo aziyezetsa agalu asanawabereketse.

Mu 2020 akatswiri a ku National Human Genome Research Institute ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya PLOS Genetics. Anapeza kuti gawo lalikulu kwambiri la chibadwa cha Australian Labradoodle wa masiku ano ndi la Poodle, ndipo la Labrador latsala lochepa. Izi n'zomveka, pakuti oweta akhala akusankha ubweya wosayoyoka m'badwo ndi m'badwo. Wogula adziwe kuti akugula galu amene ali pafupi kwambiri ndi Poodle, ndipo adzifunse ngati Poodle weniweni sangamukwanire.

Musamusokoneze ndi Aussiedoodle, amene ndi mwana wa Australian Shepherd ndi Poodle, galu wobusa nkhosa amene alibe magazi a Labrador. Goldendoodle nayenso ndi wina: kholo lake ndi Golden Retriever. Dziwaninso kuti mabungwe akuluakulu olembetsa mitundu ya agalu, monga The Kennel Club ku Britain ndi American Kennel Club, savomereza Labradoodle wa gulu lililonse ngati mtundu paokha. Palibe amene amaletsa munthu kulemba dzina lililonse pa malonda ake. Chokutetezani ndi mapepala a makolo ndi maso anu.

Ubweya ndi msinkhu

Ogulitsa amagawa ubweya wa agaluwa patatu, ndipo mayina ake mudzawapeza m'Chingelezi. Umene amautcha hair ndi wowongoka kapena wokhakhala, umayoyoka, ndipo umakhala ndi kafungo ka galu kodziwika kaja. Umene amautcha fleece ndi wofewa, wopindikapindika, ndipo umayoyoka pang'ono kwambiri. Umene amautcha wool ndi wopotana zolimba ngati wa nkhosa, wofanana ndi wa Poodle.

Apa pali kusinthanitsa kumene wogulitsa sangakuuzeni msanga. Ubweya umene sugwera pansi sikuti wasowa, watsalira pagalu. Mukapanda kuupesa umapiringizana n'kupanga mfundo zolimba pafupi ndi khungu, makamaka kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi pansi pa lamba wa m'khosi. Mfundozo zimakoka khungu, zimasunga chinyezi, ndipo zimabisa zilonda, utitiri ndi nkhupakupa. Galu wa fleece kapena wool amafuna kupesedwa mpaka pakhungu kangapo pa mlungu, ndi kumetedwa pakatha milungu 6 mpaka 8 iliyonse, moyo wake wonse. Nthawi yovuta kwambiri ndi pamene akuyandikira chaka chimodzi, ubweya wa ubwana ukamasinthana ndi wa ukulu. Tinganene kuti mukusankha pakati pa tsache ndi chipeso: wa hair mudzasesa m'nyumba, wa wool mudzapesa galu ndi kulipira ometa.

Kwa amene ali kumadera otentha a kum'mwera kwa Africa kuno, ubweya wochuluka ndi katundu wina. Nkhupakupa zimafalitsa matenda a m'magazi amene amapha agalu ambiri ku South Africa ndi maiko oyandikana nawo, ndipo kuzipeza mu ubweya wopotana n'kovuta. Galu wotere azimetedwa mofupikitsa, azipatsidwa mankhwala a nkhupakupa mosadumphitsa, ndipo aziyenda m'mamawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo.

Msinkhu umadalira Poodle amene anagwiritsidwa ntchito. Wamkulu amatalika masentimita pafupifupi 53 mpaka 63 kuyeza paphewa, ndipo amalemera makilogalamu 23 mpaka 30 kapena kuposerapo. Wapakati amalemera makilogalamu 13 mpaka 20. Wamng'ono amalemera makilogalamu 7 mpaka 13. Pa F1 ndi F2 manambalawa ndi ongoyerekeza, chifukwa mwana wa Labrador ndi Poodle wamng'ono angathe kutengera amake n'kukula kuposa mmene munayembekezera. Ngati m'nyumba muli agogo kapena mwana wongoyamba kuyenda, ganizirani bwino: galu wa makilogalamu 30 wodumphira anthu mwachisangalalo angathe kuwagwetsa.

Kodi alipo amene sawenga?

Tsopano tifike pamtima pa funso la mlongo wathu. Chimene chimawenga munthu si ubweya weniweniwo ayi. Ndi mapuloteni amene amapezeka m'malovu a galu, mumkodzo, ndi m'tizidutswa ta khungu louma tonga mfundu. Yodziwika kwambiri imatchedwa Can f 1. Galu akamadzinyambita amapaka malovu pa ubweya, malovuwo amauma, ndipo tizidutswa take timauluka m'nyumba n'kukhazikika pa makatani, pa mabulangete ndi pa kapeti. Galu aliyense ali ndi malovu ndi khungu.

Mu 2011 ofufuza a ku chipatala cha Henry Ford ku Detroit anayeza fumbi la m'nyumba za anthu oweta agalu. Sanapeze kusiyana pakati pa nyumba za agalu amene amati sawenga ndi nyumba za agalu wamba. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anayeza ubweya wa mitundu ingapo, kuphatikizapo Labradoodle ndi Poodle. Anapeza kuti ubweya wa agalu amene amati sawengawo unali ndi Can f 1 wambiri kuposa wa agalu ena, ndipo mumpweya wa m'nyumba zawo munalibe kusiyana. Anapezanso kuti agalu a mtundu umodzi amasiyana kwambiri wina ndi mnzake.

Izi sizikutsutsa anthu amene amati amakhala bwino ndi Labradoodle wawo. Alipo ndithu, monga analili bambo wa ku Hawaii uja ndi Sultan. Matupi amasiyana, agalunso amasiyana. Pali ngakhale anthu amene amawengedwa ndi puloteni yotchedwa Can f 5, imene imapangidwa ndi agalu aamuna okha, moti galu wamkazi sawavutitsa kwenikweni. Mfundo ndi yakuti zimenezi sizidziwika powerenga chilembo F ndi nambala yake. Zimadziwika poyesa munthu ameneyo ndi galu ameneyo.

Choncho yambirani kwa dokotala wa mwanayo, osati kwa wogulitsa. Pali mayeso a pakhungu ndi a magazi amene amasonyeza chimene chikumuwenga. Dokotala akalola, pitani naye mwanayo kukacheza ndi galu amene mukumufunayo maulendo angapo, m'nyumba osati pabwalo pokha, mutanyamula mankhwala ake opopera m'kamwa. Muonetsetseni tsiku limenelo ndi usiku wake, chifukwa chifuwa china chimayamba patapita maola. Ngati n'kotheka yesani galu wamkulu kale, poti wa mwana ubweya udzasintha. Ndipo ngati mphumu ya mwanayo ndi yoti inamugonekapo m'chipatala, kapena dokotala wakaniza, yankho ndi ayi, ngakhale ana alire. Kulira kwa mlungu umodzi n'kopepuka poyerekeza ndi mwana kubanika pakati pa usiku, n'kopepukanso poyerekeza ndi kudzachotsa galu amene ana amuzolowera kale.

Za thanzi la galuyo

Anthu ambiri amakhulupirira kuti galu wosakanizika sadwaladwala. Mu 2024 sukulu ya Royal Veterinary College ku London inafalitsa kafukufuku wa eni agalu oposa 9,000, woyerekeza Labradoodle, Cockapoo ndi Cavapoo ndi mitundu ya makolo awo pa matenda 57 ofala. Pa matenda ochuluka kwambiri sanapeze kusiyana kulikonse. Osakanizikawo sanali olimba kuposa makolo awo, komanso sanali ofooka kuposa iwo.

Chifukwa chimodzi n'chakuti Labrador ndi Poodle ali ndi matenda ena ofanana. Onse awiri amavutika ndi mfundo za m'chiuno zosakhazikika bwino, zimene zimabweretsa nyamakazi ndi kutsimphina. Onse awiri angathe kunyamula jini ya matenda a maso otchedwa PRA, amene amachititsa khungu pang'onopang'ono. Mwana akalandira jiniyo kwa bambo ndi kwa mayi, kusakanizika sikumupulumutsa. Ku mbali ya Poodle wamkulu kumachokera matenda a Addison. Ku mbali ya Labrador kumachokera dyera: mu 2016 akatswiri a ku Cambridge anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi ali ndi jini imene imamupangitsa kumva njala nthawi zonse. Makutu ogwa okhala ndi ubweya m'kati nawonso amasunga chinyezi ndipo amadwala msanga.

Woweta wabwino amakuonetsani zotsatira za mayeso a chiuno, zigongono, maso ndi majini a makolo onse awiri, musanapemphe n'komwe. Amakuonetsani mwana ali ndi amake pamalo pamene anabadwira. Amakufunsaninso inuyo mafunso ambiri, ndipo amalemba kuti adzamulandiranso galuyo zinthu zikavuta. Ku England lamulo limaletsa kugulitsa mwana wagalu wosakwana milungu 8, ndipo kuyambira mu April 2020 lamulo lotchedwa Lucy's Law linaletsa kugulitsa ana agalu kudzera mwa anthu apakati. Munthu wofuna kukumana nanu pamalo oimika magalimoto, kapena wokuumirizani kutumiza ndalama musanaone galu, musiyeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuwerengera mtengo

Ambuye Yesu, pa Luka 14, anaphunzitsa za munthu amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera ndalama asanayambe kumanga. Galu wotere amakhala ndi moyo zaka 12 mpaka 15. Mwana amene akumupempha lero ali ndi zaka 9 adzakhala atapita ku koleji galuyo akadali pakhomo, ndipo chingwe chidzatsalira m'manja mwa makolo. Ndalama yogulira ndi chiyambi chabe. Pali chakudya, katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, ometa, ndi dokotala wa ziweto. Ife amene timaphunzitsa za ukapitawo tiike zonsezi papepala pamodzi ndi chakhumi, zopereka, fizi ya ana ndi thandizo limene timatumiza kumudzi. Galu wogula pangongole si dalitso.

Ganiziraninso za Sabata. Ambiri a ife timachoka m'mamawa kupita ku Sukulu ya Sabata, kudya pamodzi kutchalitchi, n'kubwerera dzuwa litalowa. Labradoodle ndi galu wokonda kukhala ndi anthu, ndipo akasiyidwa yekha tsiku lonse amauwa, kulira ndi kutafuna mipando. Ndani adzabwerere masana kukamutulutsa? Nanga mlungu wa msonkhano wa misasa, kapena mwezi umene mwapita kukaona makolo kumudzi, adzatsala ndi yani? Kupesa ndi kusambitsa kutha kuchitika Lachisanu pokonzekera, koma chakudya, madzi ndi kuyenda n'zofunika tsiku lililonse. Miyambo 12:10 imaika kusamala moyo wa chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama, ndipo lamulo la Sabata lenilenilo limatchula ziweto pakati pa oyenera kupuma. Mlengi amaziwerengera.

Kukhitchini kwathu kulinso zofunika kusamala. Mphesa, mphesa zouma zimene timaika mu buledi ndi m'phala, mtedza wa makadamiya, anyezi, adyo ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu. Chimodzimodzinso xylitol, chotsekemeretsa chimene chimapezeka mu chingamu ndi mu chiponde china cha m'sitolo. Galu wotengera dyera la Labrador sasankha, choncho ana aphunzitsidwe kusamuponyera zotsala za patebulo. Ndipo ngakhale banja lanu silidya nyama, musamusinthire galu chakudya musanafunse dokotala wa ziweto.

Kwa amene akufuna galu wolondera pakhomo, monga ambiri timachitira ku Malawi ndi ku Zambia, Labradoodle si mlonda. Angathe kuuwa, koma mlendo akalowa amamulandira ndi mchira. Si galu womangirira pa tcheni kapena wotsekera m'khola usana wonse. Galu wathu wa m'mudzi, akapatsidwa chakudya chokwanira, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka ndi chikondi, amapirira nyengo yathu ndipo safuna ometa.

Ubwino wake nawo ndi weniweni. Galu amene amafuna kuyenda ola lathunthu tsiku lililonse amatulutsa banja lonse panja, kumene kuli mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa ndi kulimbitsa thupi, zinthu zimene uthenga wathu wa zaumoyo wakhala ukulimbikitsa kuyambira kale. Mwana amene amadzuka kukapatsa galu madzi asanadye yekha akuphunzira kuganizira wina. Agaluwa amaphunzira msanga, ndipo akaleredwa mofatsa amakhala bwino ndi ana.

Yankho langa kwa mlongo wathu

Mayi, agalu amene mwawaona pa intanetiwo si amodzi. Ngati m'nyumba mwanu mukanakhala mopanda wodwala, ndipo tsache silikuvutani, F1 akanakukwanirani. Ngati mukufuna ubweya wochepa pamipando ndipo muli nayo nthawi ndi ndalama zopesera ndi kumetera, yang'anani F1b wobwerezedwa ku Poodle, multigen kapena Australian Labradoodle wochokera kwa woweta amene ali ndi mapepala. F2 ndi wa munthu wokonzeka kulandira chilichonse chimene chingatuluke.

Koma za mwana wanu wa mphumu, palibe gulu limene ndingakulozereni n'kunena kuti ili ndi lotetezeka. Chitani zimene anachita Bambo Conron mu 1989: yesani kaye. Pitani kwa dokotala, kenako kachezeni ndi galuyo kangapo, ndipo muwauziretu ana onse, musanapite, kuti chifuwa cha mbale wawo ndi chimene chidzagamule. Akakhala bwino, galuyo asamalowe kuchipinda chogona cha mwanayo, ndipo aliyense azisamba m'manja akatha kusewera naye. Akapanda kukhala bwino, mudzakhala mwaphunzitsa ana anu kuti m'banja timasiya chimene tikufuna chifukwa cha mnzathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mundilembere mmene muyendere.